Amuna anga akufuna kukakumba kumanda ndi makina a ku Joni

Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi mtsinje wa Domasi, kwa T/A Malemia. Amuna anga anakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchito yomanga. Pobwera chaka chatha anatenga makina aja ofufuzira zitsulo m'nthaka, okhala ngati ndodo yokhala ndi mbale kunsi. Akuti bwana wawo ankapita nawo kugombe la nyanja Loweruka n'kumatola mphete ndi ndalama zotayika, ndiye nawonso mtima unagwa pomwepo. Poyamba ndinkasangalala chifukwa chibwerereni kumowa anasiya. Koma pakhomo ponse akumbapo, kumunda nako maenje okhaokha, ndipo chomwe apeza ndi misomali, zitsekerero za mabotolo, khasu lakutha ndi kobiri limodzi lobooka pakati. Tsopano kwabwera mnyamata wina amene akuwauza kuti Ajeremani anakwirira mphika wa ndalama pafupi ndi manda akale, ndipo akufuna mbuzi kuti akawalozere malowo usiku. Amuna angawa ndi akamwini pano, ndipo amfumu ndi amalume anga. Ndikawaletsa akuti ndine mkazi wotsekereza mwayi. Tulo sindikuliona. Kodi makinawa ndiwabise, kapena ndikanene kwa amalume? Nanga alipo malo amene angamapiteko osatiitanira mlandu?

Wodandaula, Domasi

Mwana wanga,

Makinawo musabise, mbuziyo musapereke, ndipo kumanda bambowo asapondeko, usiku ngakhale dzuwa lili paliwombo. Zinazi tikhoza kukambirana, koma zitatuzi ayi.

Ndiyambe ndi mphika wa Ajeremaniwo. Dziko lino linali m'manja mwa Angelezi. Ajeremani ankalamulira Tanganyika, ndipo pa nkhondo ya 1914 kumene anamenyana ndi asilikali a kuno kunali ku Karonga, kumalire akumpoto. Ku Domasi akanabwera kudzatani ndi mphika wa ndalama? Azungu amene anakhazikika m'chigwa chanucho anali amishoni a ku Scotland. Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Domasi m'chaka cha 1884, nthawi imene wantchito ankalipidwa nsalu ndi mchere. Ndalama zitayamba kuyenda, yambiri mwa yochepa imene makolo athu ankaigwira inkathera ku msonkho wa nyumba. Ndipo dzifunseni nokha: munthu wodziwa pamene pali mphika wa ndalama angakhumbire mbuzi ya eni ake? Ine zoterezi ndinaziona pakhomo pathu. Mchimwene wanga anagulitsa njinga yake yokhayo kupatsa munthu amene ankati m'simbi yakale yamakala muli mankhwala ogulidwa mamiliyoni. Munthuyo anazimiririka, simbiyo mpaka lero amayi amatsekera chitseko cha khola, ndipo mchimwene wangayo anatha chaka akuyenda wapansi kupita kuntchito.

Koma kutaya mbuzi n'kochepa. Chimene chandiwawa powerenga kalata yanu ndi mawu awiri aja, manda ndi usiku. Mukudziwa bwino zimene zachitika m'maboma a Machinga ndi Zomba zaka zapitazi, pamene anthu oipa mtima ankafukula manda a abale athu achialubino. Bala limenelo silinapole. Mukumbukanso mphekesera za anamapopa za 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, mmene anthu osalakwa anaphedwera chifukwa chongooneka achilendo kapena kunyamula chinthu chimene ena sanachimvetse. Tsono taganizirani bambo a ana anu ali m'nkhalango ya kumanda pakati pa usiku, tochi kumanja, khasu paphewa, makina akulira kuti tii, tii. Amene angawapeze sadzafunsa kuti munagula kuti makinawa. Akapulumuka m'manja mwa gulu, mlandu wolowa kumanda popanda chilolezo ukuwadikira kupolisi, ndipo kumudzi, pokhala mkamwini, katundu wawo adzamupeza panja. Ngakhale adzukulu salowa kumanda amfumu asanalole.

Tsono makinawo pawokha alibe tchimo, ndipo inu nomwe mwanena kuti anawachotsa kumowa. Chofunika n'kudziwa zimene angathe ndi zimene sangathe. Mbale ya kunsi ija imatumiza mphamvu yonga ya maginito m'nthaka, ndipo ikagunda chitsulo makinawo amalira. Kanthu kakang'ono ngati kobiri amakamva pakuya kwa masentimita 20 kapena 30 basi. Chachikulu ngati ndowa amachimva mozamirapo pang'ono, koma osati kuya kwa manda. Miyala yonyezimira ija imene anyamata amakumba m'phiri la Malosa n'kumagulitsa kwa alendo pamwamba pa phiri la Zomba saimva, chifukwa si chitsulo. Dothi lofiira la katondo, lomwe lili ndi chitsulo chake chachilengedwe, limawanamizanso, amangolira paliponse. Makinawa amatola zimene anthu anagwetsa. Ndiye funso loyenera si lakuti chuma anachibisa kuti, koma lakuti ndi pati pamene anthu ankasonkhana kwa zaka zambiri, akupisa m'matumba.

Yankho lake lili ndi agogo a m'mudzi mwanu momwemo. Bambowo agule shuga, akakhale pakhonde pa nkhalamba ziwiri zitatu, afunse: msika unali pati usanasamukire kumseu wa tala? Sitolo yoyamba inali pati, nanga chigayo? Basi yopita ku Liwonde ankaidikirira pansi pa mtengo uti? Gule ankavinira pati? Pamalo oterewa ndi pamene ndalama za tiki ndi sikisi zinkapulumuka pamfundo ya mpango wa amayi n'kulowa m'fumbi. Pali madooko akale a mtsinje wa Domasi, pamene anthu ankavula ndi kumanga katundu asanawoloke, ndipo mchenga wa pamenepo makinawa amaukonda kuposa katondo. Palinso mabwinja. Bwinja limadziwika ngakhale udzu utamera: mitengo ya mango ikuluikulu yoima pamodzi pakati pa munda, mapale ambwee m'mizere, dothi lakuda la phulusa, mphero yosweka. Chigwa chanu n'chakale pa zochitika. Amalonda achiyao ankadutsa mmenemo ndi minyanga, nsalu ndi mikanda, ndipo m'chaka cha 1895 ankhondo a mfumu Kawinga ya ku Chikala anatsikira kwa Malemia. Wofufuza modekha m'minda yoteroyo akhoza kutola chigwinjiri chamkuwa, mutu wa muvi kapena chipolopolo cha mfuti ya gogodera. Nthawi yabwino ndi pamene akolola, kapena chizimalupsa chikangogwa, dothi litafewa koma mbewu zisanalowe.

Koma munda uliwonse uli ndi mwini wake, ndipo safunsa anadya phula. Apemphe masana, agwirizane ndi mwini munda za chimene chingapezeke asanagwetse khasu, ndipo dzenje lililonse alikwirire asanachoke. Ayambe ndi maenje a m'munda mwanuwo, mwana asanathyokemo mwendo.

Malo ena angooneka okoma m'maso koma si awo. Pabwalo la mishoni, pa koleji ya aphunzitsi ya Domasi, pa Malawi Institute of Education, onsewa ndi malo akale ndithu, koma ali ndi akuluakulu ake, ndipo popanda kalata yawo asayerekeze. Kufupi ndi ndende ya Domasi asayandikire n'komwe. M'nkhalango yotetezedwa ya Zomba ndi Malosa kukumba n'koletsedwa. Kundagala kwa anamwali ndi pamalo othirira nsembe, ulemu wake ndi womwe uja wa kumanda. Zomba ndi tauni ya asilikali kuyambira nthawi ya King's African Rifles, choncho akagunda chitsulo chadzimbiri chooneka ngati chipolopolo chachikulu, asachigogode, asachinyamule, akauze apolisi. Akamva kulira motsata mzere wautali, amenewo ndi mapaipi a madzi kapena mawaya, awasiye.

Pali lamulonso la Monuments and Relics Act la 1990, limene limateteza zinthu zakale za dziko lino. Kukumba dala pamalo a mbiri yakale kumafuna chilolezo cha boma, ndipo munthu akapeza chinthu chakale mwangozi ayenera kukanena, osati kugulitsa kwa wodutsa kapena kutumiza kunja. Akagwera pa ng'anjo yosungunulira chitsulo, mulu wa mikanda, kapena mafupa, aleke pomwepo, auze amfumu ndi ofesi ya DC ku Zomba kuti uthenga ukafike ku dipatimenti yoona zakale. Izi sizongovutitsa anthu. Katswiri wathu Yusuf Juwayeyi atafukula ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, anapeza mikanda yagalasi, mkuwa ndi zidutswa za mbale za ku China, ndipo anatha kufotokoza za likulu la Amaravi chifukwa chilichonse anachipeza pamalo pake, chapamwamba pamwamba, chapansi pansi. Khasu lamphwayi likanadutsapo kale, mbiri yonseyo ikanangosanduka zinyalala m'thumba la munthu.

Za amalume anu, musapite kukawaneneza amuna anu ngati wakuba. Mwamuna amene anavutika zaka zisanu ndi chimodzi kudziko la eni, n'kubwera kudzakhala pamudzi pa akazi ake, ndikhulupirira kuti mumtima mwake akufuna apeze chinthu choti anthu anene kuti uyu ndi bambo. Mnyamata wa mbuziyo waona njala imeneyo. Inu musaiseke. Sankhani madzulo amene adya bwino, muwauze kuti mantha anu si a mbuzi koma a kulera ana anayi nokha. Kenako muwapemphe kuti mupitire limodzi kwa amalume, makinawo ali paphewa, dzuwa likuswa mtengo. Akawaonetse pabwalo. Akwirire makiyi mumchenga, ana awafunefune, amfumu nawonso agwire ndodoyo amve kulira kwake. Mudzi wonse ukadziwa chimene makinawo amachita, palibe adzathamangire mwala powaona. Adzipereke kuchotsa misomali ndi zidutswa za waya pabwalo la mpira pamene ana amasewera opanda nsapato. Posakhalitsa wotaya mphete ya ukwati kudimba, kapena makiyi a njinga yamoto kumsika wa Songani, azidzagogoda pakhomo panu, ndipo zitsulo zakutha zija ogula ake alipo. Nyumba ya malata sizingamange, koma ya sopo ndi mabatire a makinawo ipezeka. Dzina la mnyamata uja mulitchule kwa amfumu tsiku lomwelo.

Kobiri lobookalo musalitaye. Litsukeni ndi madzi ndi sopo basi, osalikwecha ndi mchenga. Mukaona njovu ziwiri zitaima mbali ndi mbali ya bowolo, ndi la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinatha mu 1963. Mtengo wake pamsika ndi wochepa kwambiri, koma ana anu, amene anabadwa kwacha ndi tambala zitakhazikika kale kuyambira 1971, sanaonepo ndalama imene agogo awo ankaimanga pachingwe m'khosi kuti isatayike popita kusitolo. Bambo awo awaonetse, ndipo akapeza sheleni ya 1964 yokhala ndi zisononkho za chimanga aiike pambali pake m'kabotolo, alembe munda umene anaitola ndi tsiku lake.

Ngati mutayankhula zonsezi iwo n'kuumirirabe za usiku, pamenepo musadikire kuti kuche. Pitani nokha kwa amalume ndi kwa ankhoswe. Mundilemberenso mvula yoyamba ikagwa, ndimve mmene zayendera.

Ndine Azakhali anu