Phunziro: Kusamala Monstera M'nyumba

Ana inu, yang'anitsitsani tsamba ili. Mabowo ndi ming'alu mukuionayi sikuti zadya ndi mbozi ayi, ndi mmene masamba ake amakhalira chomerachi chikakula. Dzina lake ndi Monstera deliciosa, ndipo anachitcha choncho ndi katswiri wa zomera wa ku Denmark, Frederik Liebmann, mu 1849. Kwawo ndi ku nkhalango zowirira za kummwera kwa Mexico mpaka ku Panama, kumene chimayanga m'mitengo ikuluikulu.

M'nkhalangomo dzuwa limafika pansi litachepa mphamvu chifukwa cha masamba a mitengo. Choncho chiikeni pafupi ndi windo, powala bwino koma posawomba dzuwa la masana, poti limawaula masamba. Mukachibisa pakona pamdima, chimangotulutsa timasamba tating'ono topanda mabowo.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chimene chimapha chomerachi kawirikawiri ndi madzi ochuluka. Mizu nayo imapuma. Ikakhala m'dothi lonyowa tsiku ndi tsiku imaola, masamba n'kusanduka achikasu, ndipo mwini wake, poganiza kuti ndi ludzu, amathiranso madzi ena. Musanathirire, pisani chala m'dothi mpaka theka. Chikatuluka chonyowa, dikirani. Chikatuluka chouma, thirirani mokwanira mpaka madzi atulukire kunsi, kenako tayani otsalira m'mbale ya pansi pa mphika. Mphika wosaboola pansi musaugwiritse ntchito, ngakhale ukhale wokongola chotani. Dothi likhale lotayana: sakanizani ndi manyowa owolerana, mchenga wa kumtsinje ndi tizidutswa ta makala. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi chimakula pang'onopang'ono, ndiye madzinso achepe.

Mizu yotuluka pa tsindeyi musaidule. Ndi imene chimakwerera. Zikani ndodo mumphika, mumangirire tsinde mosathinitsa. Fumbi la pamasamba muzipukuta ndi kansalu konyowa.

Pofuna kuchulukitsa, dulani tsinde mmunsi mwa mfundo ndi kuliviika m'botolo la madzi, muzisintha madziwo sabata iliyonse mpaka mizu itatuluka. Tsamba lopanda mfundo silingakupatseni chomera chatsopano.

Chomerachi ndi cha banja limodzi ndi koko, ndipo mukudziwa mmene koko wosapsa amayabwira kukhosi. Masamba awa ndi chimodzimodzi: amatupitsa milomo ndi lilime. Kunyumba kumene kuli mwana wokwawa kapena mphaka, mphika ukhale pamwamba.