Phunziro la Sayansi: Zimene Likoma Ikutiphunzitsa za Magetsi a Dzuwa

Magetsi amene timayatsa pa Mzimba boma amachokera kutali. Ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, n'kuyenda m'mawaya mpaka kuno kumpoto. Tikatuluka m'boma kulowera m'midzi ya kwa Mabulabo, kwa Khosolo kapena kuzungulira Embangweni, tipeza nyumba zambiri zomwe mapolo sanazifike. Ana a m'nyumba zimenezi amawerenga ndi tochi, koma mayeso a MSCE amalemba amodzimodzi ndi anzawo a m'tauni. Kuti tione zimene dzuwa lingatichitire, tiyambe ndi malo ena akutali kuposa kwathu: zilumba za Likoma ndi Chizumulu.

Zilumbazi zili pa Nyanja ya Malawi, pafupi ndi gombe la Mozambique, ndipo sizinalumikizidwe ku mawaya a dziko lonse. Kwa zaka zambiri anthu akumeneko ankadalira majenereta a dizilo. Mafutawo ankabwera pa sitima, ankadula, ndipo magetsi ankayaka maola owerengeka basi. Kampani ya EGENCO, yomwe inayamba ntchito mu 2017 itapatulidwa ku ESCOM, inamanga kumeneko malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 1.3 pazilumba ziwirizo. Inaikanso mabatire osungira mphamvu, ndipo majenereta anasiyidwa kuti azithandizira.

Kumtunda nako ntchitoyi yakula m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Ku Salima, kampani ya JCM inatsegula malo a mamegawati 60 mu 2021. Ku Golomoti m'boma la Dedza kuli ena a mamegawati 20 okhala ndi mabatire. Kufunika kwake kunaoneka mu Januwale 2022, pomwe namondwe Ana anawononga damu la Kapichira ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130.

N'chifukwa chiyani ku Likoma sanangoika mapanelo okha? Dzuwa limawala masana, koma ife timafuna kuwala kwambiri usiku. Panelo imapanga magetsi, siyisunga. Ntchito yosunga ndi ya batire, ndipo batire ndiye chipangizo chimene chimafa msanga. Apa ndi pamene mabanja ambiri kwathu kuno amataya ndalama. M'bale akatumiza panelo kuchokera ku Joni timasangalala, timalumikiza chilichonse, ndipo chaka chisanathe batire lafa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mphamvu imene chipangizo chadya timaipeza pochulukitsa mawati ake ndi maola amene chayaka, ndipo yankho timalilemba ndi chizindikiro cha Wh.

Panelo ya mawati 100 ikalandira dzuwa lamphamvu maola 5 imapanga 500 Wh. Tiyerekeze kuti gawo limodzi mwa magawo anayi latayika m'mawaya, m'batire ndi chifukwa cha kutentha. Zotsala ndi 375 Wh.

Tsopano tione zofuna za pakhomo. Mababu 4 a mawati 5 akayaka maola 5 amadya 100 Wh. Wailesi yakanema ya mawati 40 ikayaka maola 4 imadya 160 Wh. Kutchaja mafoni atatu kungadye 30 Wh. Zonse pamodzi ndi 290 Wh, choncho panelo yathu ikukwanira. Koma wina akalumikiza ayironi ya mawati 1,000 kwa theka la ola, yadya 500 Wh, kuposa zonse zimene tinakolola tsiku limenelo.

Batire la mavoti 12 lolembedwa 100 Ah limasunga 1,200 Wh. Ngati ndi la asidi, tizigwiritsa ntchito theka lokha, 600 Wh. Kulikama mpaka litatheratu usiku uliwonse ndiko kumalipha.

Zofunika kukumbukira ndi izi. Panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono, chifukwa dziko lathu lili kumwera kwa ikweta. Isafikidwe ndi mthunzi wa mtengo, pakuti mthunzi wa pakona imodzi umachepetsa mphamvu ya panelo yonse. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala lizipukutidwa ndi nsalu yofewa ndi madzi, m'mawa panelo isanatenthe. Pakati pa panelo ndi batire pakhale kontirola, kachipangizo koletsa batire kudzaza mopitirira muyeso. Masiku a mitambo tizichepetsa zoyatsa.

Makolo athu ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti, tikupemphani kuti pamene mukuganiza zogula sola ya pakhomo, ya m'kalasi kapena yoyendetsera zokuzira mawu, muyambe mwaitana ana anuwa awerengere. Ndi bwinonso kumasunga kandalama mwezi ndi mwezi kodzagulira batire lina, chifukwa panelo yabwino imatha zaka zoposa 20, pomwe batire la asidi limatha zaka zochepa chabe.

Ntchito ya kunyumba:

1. Lembani zipangizo zonse zamagetsi za kwanu, mawati ake ndi maola amene zimayaka. Zimadya ma Wh angati patsiku?

2. Kalasi ili ndi mababu 6 a mawati 7 oyaka maola 3 usiku uliwonse. Kodi panelo ya mawati 50 ingakwanire? Onetsani mmene mwawerengera.

3. Fotokozani chifukwa chake ku Likoma anasiya majenereta ali chiimire ngakhale kuti kunabwera sola.

Mayankho muwapereke kwa aphunzitsi a sayansi Lolemba likudzali.