MANDA OPANDA MITUMBIRA A KU WANKIE

Pa mwambo wathu, munthu akamwalira amaikidwa ku manda a mudzi wace, ndipo abale amadziwa pamene pali mtumbira wace. Koma m'dziko la Zimbabwe muli manda ena opanda mitumbira, ngakhale mugona anthu oposa 400.

Wankie, amene kuyambira 1982 achedwa Hwange, ndi mzinda wa malasha umene uli pa njanji yocokera ku Bulawayo kunka ku Victoria Falls. M'masiku a Nyasaland, msonkho, thangata ndi kucepa kwa minda, monga kuno ku Chiradzulu, zinapirikitsa amuna ambiri kunka ku Rhodesia kukafuna nchito. Ena anafika ku Wankie nakhala m'makomboni ozungulira migodi, monga Lwendulu, Madumabisa ndi Makwika. Ambiri anakwatira konko nasanduka machona.

Tsono pa 6 June, 1972, m'mawa, mgodi wa Nambala 2 unaphulika. M'malasha mumaturuka mpweya wochedwa methane umene umayaka msanga. Mpweyawo utayaka, unautsa pfumbi la malasha, ndipo pfumbilo linayakanso, moto nuthamanga m'njira zonse za pansi. Anthu 427 anafa, akuda ndi Azungu omwe. Pakati pao panali a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Tanzania.

Opulumutsa anayesetsa kulowa, koma mgodi unaphulikanso ndi kudzala mpweya wakupha. Anaturutsa mitembo itatu yokha. Patapita masiku atatu akuru a mgodi analamula kuti nchito yofunafuna ilekeke, ndipo pambuyo pace khomo la Kamandama linatsekedwa ndi simenti. Motero mgodi womwewo unasanduka manda a anthu 424. Lero pamalopo pali cikumbutso colembedwa maina ao, ndipo caka ndi caka pa 6 June anthu amasonkhanapo.

Phunziro lace nali: pfumbi looneka lacabe ndilo linakulitsa ngoziyi. Njira yolifooketsa inali yodziwika kale, ndiyo kuwaza pfumbi la miyala m'mgodi, pakuti ilo siliyaka. Kanthu kakang'ono kakanyozedwa kamaliritsa mudzi wonse.

Anzanga, pa chuthi tifunse agogo athu za abale amene anapita ku migodi osabweranso, ndipo tilembe maina ao. Munthu wopanda mtumbira kwao, dzina lace likaiwalika ndiye kuti wafa kawiri.