Makalata a Omvera: Maluwa a Kumapeto kwa Dzinja ndi Munda wa Miyala

Omvera ena a ku Zomba, omwe nyumba yawo ili pamalo otsetsereka, alemba kalata yofunsa mmene angakongoletsere pakhomo ndi miyala komanso maluwa amene amaphuka mvula ikamatha. Funso limeneli ndi lofunika, chifukwa munda wa miyala, womwe ndi malo amene zomera zimabzalidwa m'mipata ya miyala yoyalidwa mwaluso, umakongoletsa pakhomo ndiponso umateteza nthaka kuti isakokoloke.

Miyala ikuluikulu iyenera kuyalidwa poyamba mopingasa chitunda, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a mwala uliwonse likwiriridwe kuti usagwedezeke, kenako m'mipata muthiridwe dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa kuti madzi asadikhe, popeza mizu ya zomera zokonda miyala imaola msanga m'chinyezi chochuluka.

Pakati pa maluwa oyenera pali kosimosi, wochokera ku Mexico, amene amaphuka mu Marichi ndi Epulo, komanso deliya wa maluwa achikasu, yemwe masamba ake amasanduka manyowa abwino, ngakhale kuti amafunika kudulidwa asanabereke njere chifukwa amafalikira kwambiri. Kuti munda usaoneke wouma maluwa amenewa akafota, ndi bwino kubzalanso Aloe cameronii, chomera cha m'gulu limodzi ndi alovera chimene chimamera chokha m'matanthwe a ku Malawi, chomwe masamba ake amafiira m'nyengo yopanda mvula ndipo maluwa ake amakopa mbalame zoyamwa timadzi m'nyengo yozizira.

Omverawa akulimbikitsidwa kupempha mphukira kwa anzawo m'malo mozula zomerazi kumapiri, kuti chilengedwe chisawonongeke.