Ndalama ya Ndiwo Ifike Loweruka

Amayi, ndalama ya sabata imathera kuti? Kawirikawiri siithera pa chinthu chachikulu ayi. Imathera pa kantemba: lero saladi wa m'kapulasitiki, mawa kamchere, mkuja kasopo kodula. Kuno kwa Mwape katundu amachokera kutali, ku Nyimba kapena ku Petauke, ndipo wogulitsa amaikapo mtengo wa ulendo wake. Wogula pang'onopang'ono ndiye amalipira zambiri.

Tsono gwirizanani anayi kapena asanu. Sonkhani ndalama, ndipo mnzanu amene ali kale ndi ulendo wa ku boma akagule chigubu cha saladi, mchere ndi sopo wamtanda, mudzagawane. Zonse muzilembe papepala, pakuti ndalama zosalemba zadanitsa abale ambiri.

Nanga saladiyo ndi wofunika tsiku lililonse? Chiwawa chotendera sichifuna ngakhale dontho. Ambirife tinaleka kufutsa, ati nzachikale, koma chilala cha 2024 chinatikumbutsa chikwatu cha agogo. Mvula ikamatha, mu Malichi ndi Epulo, tcholani khwanya ndi chiwawa, wiritsani pang'ono, yanikani pamphasa, musunge pouma. Ndalama yotsalayo mugulire kapenta, ana adye ngakhale kawiri pa sabata.