Tenti Tikakhome Pati Kunyanja?

Zikomo mayi a ku Dedza, kalata yanu tailandira. Mukufunsa za Senga Bay, Cape Maclear ndi Chintheche. Ine mtima wanga uli ku Chintheche, mchenga woyera uja, koma ndi kutali. Poti muli ndi ana, Senga Bay ikukwanirani.

Kulikonse mungapite, musakhome tenti pafupi penipeni ndi madzi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba mwamphamvu, mafunde n'kukwera, zikhomo n'kuzuka mumchenga. Sunthirani kumtunda, pamthunzi. Pabango ndi pamathiriro a mtsinje ayi ndithu: mvuu, ng'ona, udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo zimakonda pomwepo. Musanalipire, mufunse za mlonda wausiku, mukaonenso chimbudzi ndi maso anu.

Mukasankha Cape Maclear, chakudya muzitsekera m'galimoto. Anyani akumeneko alibe manyazi.