Mpopi ukauma, wolakwa ndani?

Kalata yoyamba yomwe inawerengedwa pa pulogalamu ya zaumoyo ya pa wailesi inachokera ku Ndirande. Mayi wa ana atatu ankafunsa kuti walakwitsa pati. M'manja amasamba, ndowa amavundikira, koma mwana wake wangotuluka kumene ku chipatala cha Queens komwe anagonekedwa ndi taifodi. Apongozi akuti ndi uve basi.

Adokotala a pulogalamu ya zaumoyoyo sanathamangire uphungu. Anapempha muulutsi kuti awerengenso mzere umodzi, pomwe mayiyo analemba kuti pa kiyosiki madzi akasowa masiku angapo, mbale amakatsukira ku Nasolo.

"Mayi, auzeni apongozi anu kuti nkhani yagona pamenepo," anatero adokotala.

Kenako anafotokoza ulendo wa madziwo. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo kuti akwere chitunda chonsecho pamafunika mapampu amagetsi. Magetsi akavuta, monga zinalili namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, mipopi nayo imavuta. Wa ku Namiwawa amene ali ndi thanki pamwamba samva n'komwe kuti madzi asiya. Wa ku Ndirande amanyamula beseni kutsikira kumtsinje, komwe mvula imakokolera zonse zochokera m'zimbudzi zokumba ndi m'ngalande. Uthenga wa sopo onse awiri anaumva pa wailesi yomweyi, koma wopezeka pa bedi la chipatala ndi mwana wa mmodzi.

Chomwe adokotala anamulimbikitsa mayiyo ndi katemera. Anakumbutsa kuti mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ndi omwe anatenga nawo gawo pa kafukufuku wa katemera wa taifodi, ndipo zotsatira zake zinathandiza kuti mu 2023 boma liyambe kumupereka m'dziko lonse. Ana ena awiriwo apite nawo ku chipatala, makadi awo akaonedwe.

Kalata yachiwiri inaseketsa anthu mu situdiyo, ngakhale kuti sinali yoseketsa. Kondakitala wa minibasi wa ku Bangwe, yemwe anamupeza ndi BP, anauzidwa kuti azidya zipatso, achepetse mchere ndi mafuta, ndiponso azichita masewero olimbitsa thupi. Iye ankafunsa kuti masewero ake ati, poti tsiku lonse amakhala akudumpha pa depoti ya Limbe, ndipo nkhomaliro yomwe thumba lake limakwanitsa ndi tchipisi cha pachiwaya. Adokotala anavomera kuti malangizo ambiri amalembedwa ngati aliyense ali ndi furiji ndi malipiro a pamwezi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zakudya inakwera, malangizowo anakhala omwe aja. "Achimwene, yambani ndi zomwe zili m'manja mwanu," anatero. Mchere wowaza pa tchipisi ausiye, nthochi ndi mtedza zilowe m'malo mwa zokazinga masiku ena, ndipo mankhwala asamasiye chifukwa choti mutu waleka kupweteka.

Yachitatu ndiyo inali ndi moto. Bambo wina wa ku Nyambadwe anati pulogalamuyi ikusasatitsa anthu. Kolera ndi matenda a uve, ndipo omanga m'phiri la Soche anawatuma ndani?

Apa adokotala anayankha mofatsa, koma mosanyengerera. Anati bambowo sakunama pa chinthu chimodzi: kuthira klorini m'madzi ndi kuthamangira kuchipatala mwana akayamba kutsekula m'mimba ndi udindo wa pakhomo. Komabe mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700 ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe, sunkayenda mwachisawawa. Unkatsata malo opanda mipopi yodalirika ndi zimbudzi zokwanira. Anatchulanso dokotala John Snow, yemwe mu 1854 anapeza kuti kolera ya m'dera lina la London inkachokera pa mjigo umodzi, ndipo akuluakulu atamumvera anachotsa chogwirira cha mjigowo.

Za Soche sanachulutse mawu. Matope a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo ambiri okhala kumeneko anakwera phirilo chifukwa malo ndi lendi ya kumunsi sakanazikwanitsa, pomwe ganyu ili m'tauni. Munthu wotereyu ukamuuza kuti asamuke, uyeneranso kumuuza kopita.

Muulutsi anafunsa ngati zikutanthauza kuti omvera angopinda manja. Adokotala anakana. Anati kiyosiki yomwe yakhala youma ndi nkhani yokatula kwa khansala ndi ku komiti ya chitukuko ya m'dera, anthu atalemba masiku omwe madzi sanatuluke, chifukwa dandaulo lolembedwa ndi lovuta kulikana. Nthawi inathera pomwepo, ndipo kalata ya ku Chirimba yofunsa za utsi wa mbaula ndi chifuwa cha ana inasungidwira sabata ya mawa.